Mkamwini Sabzala Mtengo

Dimba langa lili kumunsi kwa mudzi, pakati pa njira yopita kudooko la ku Nkope ndi madzi. Si lalikulu ayi. Mutaima pakati n'kuponya chibuma, chikagwera kwa eni. Koma ndi limene anandisiyira amayi, iwonso anasiyiridwa ndi amayi awo, ndipo ine ndikadzapita lidzakhala la mwana wanga wamkazi, kenako la ana ake aakazi. Kuno nthaka imatsata bere. Amuna amabwera, amalima, amadya, ena amafera konkuno, ena amanyamula kachikwama kawo n'kubwerera kwawo. Nthaka siwalondola.

Ndisanafike pa za mitengo ya komiti, ndiyambe ndanena zimene ndinaona ndili ndi mwana woyamba kumsana, kuti musamati gogoyu ndi wokanika chabe.

Amayi anga aang'ono anali ndi malo awo pagombe lina, a mchenga woyera. Kunabwera bambo wina wa m'tauni, waulemu, wovula chipewa polankhula ndi akazi. Anati akungofuna poimika galimoto akabwera kudzagula chambo, ndipo poti dzuwa la kuno silichita masewera, abzalepo timitengo ta bulugamu kuti pakhale kamthunzi. Amayi aang'ono anaseka, nati bzalani bambo, nafenso tidzausapo. Mitengo inakula. Itakula panabwera waya waminga. Atapita kukadandaula kubwalo, akuluakulu anafunsa funso limene amafunsa nthawi zonse pa mlandu wa malo: "Mitengo iyi anabzala ndani?" Amayi aang'ono sankadziwa kunama. Anati ndi bamboyo. Mlandu unathera pomwepo. Lero pamalopo pali nyumba zogona alendo, pachipata pali mlonda ndi galu, ndipo adzukulu awo akafuna kukachapa amazungulira mtunda wautali ndi beseni pamutu.

Chimanga mumakolola n'kutha. Mpunga umatha. Mtengo umatsala chiimire, kuchitira umboni dzanja limene linauika m'nthaka. N'chifukwa chake makolo ankati mkamwini sabzala mtengo. Alime, aluke nkhokwe, afolere denga, koma mtengo ayi, chifukwa tsiku lina iye kapena abale ake adzaima pansi pake n'kunena kuti pano ndi pathu.

Mkamwini wanga ndi mphunzitsi wa kupulayimale. Boma linamutumiza kuno kuchokera kumpoto, kumene mkazi ndiye amanyamuka kupita kwa mwamuna ndipo ana amakhala a bambo. Anakumana ndi mwana wanga kutchalitchi. Poti pasukulu nyumba za aphunzitsi n'zochepa, anamanga pafupi ndi ine, pamalo anga. Samwa. Samenya mkazi. M'mawa amanyonyomala patali, nkhope atalozetsa kumbali monga achitira apongozi, n'kundifunsa mmene ndadzukira. Zaka zonsezi sindinamugwirepo ndi choipa, ndipo icho ndicho chinkandidetsa nkhawa. Munthu woledzera umadziwa pomugwira. Wofatsa umangomuyang'anira.

Kenako kunabwera chaka chija nyanja inakwera. Kale pakati pa dimba ndi madzi panali bango lowirira, loti ngakhale galu sankalowamo. Anthu analidula pang'onopang'ono, ena kukamangira mathandala oyanikapo usipa, ena mipanda, ena mphasa. Ineyo ndinadulako la mpanda wanga wa bafa, ngati wina aliyense. Ndiye mphepo ya mpoto itawomba, mafunde anapeza khomo lotsegula. Ankabwera n'kukumba kunsi kwa gombe, pamwamba n'kutsala chilendewero, kenako mumangomva kuti phwa! chigumukire chagwera m'madzi. Phata langa la nthochi linapita tsiku limodzi, ndi mkoko wake womwe. Mwala umene ndinkatsamiritsapo ndowa potunga madzi unatsala pakati pa nyanja, akakowa akuterapo. M'mawa uliwonse ndinkatsetsereka mtima uli m'mwamba, kukaona kuti lero yadyako mizere ingati.

Si ine ndekha. Madimba ambiri anadyedwa, nyumba zina zinalowa madzi. Ndi pamene pamudzi panayambika komiti yosamalira zachilengedwe, mothandizidwa ndi bungwe lina la kuboma kwa Mangochi. Loweruka lililonse ankakumana padooko kutola zinyalala: majumbo, mabotolo, matewera a ana, maukonde a udzudzu ong'ambika amene anyamata amakokera timwana ta nsomba. Ndinalowa nawo. Osati kuti ndinkakonda kuwerama ndi msana wangawu, koma chinthu chikayamba pamudzi ndi bwino ukhale m'kati mwake, uzimva ndi makutu ako. Za kuuzidwa zimafika zitasendedwa kale. Ndipo ndisaname, dooko linayera. Ana anasiya kuchekeka ndi magalasi, fungo lija linachepa. Anatipatsa matisheti obiriwira, yanga ndinaipinda n'kuika pansi pa sutikesi. Sindivala chinthu cholembedwa mawu amene sindinawavomere.

Mkamwini anamusankha kuyang'anira nazale. Anaimanga kuseri kwa khitchini yanga, ati pali mthunzi wabwino. Timachubu takuda tinandandalikana mizeremizere, muli mbande za msangu, mbawa ndi katope, mtengo uja umakonda kuima mapazi ali m'madzi. Akaweruka kusukulu ankavula nsapato, kupinda buluku, n'kumathirira mbande imodziimodzi akuimba nyimbo za chinenero chakwawo. Ndinkamuonera pa mpata wa mpanda. Ndinkadzifunsa kuti munthu amene sanabadwire kuno, amene manda a makolo ake ali kutali, mitengo ya kuno akuikonderanji chonchi?

Yankho ndinalimva pamsonkhano, mvula itayamba kukhazikika. Anaimirira pamaso pa anthu, nati tsiku lobzala layandikira, ndipo ayambira pamene nyanja yadya kwambiri.

"Tiyambira padimba la apongozi anga," anatero. "Kudzabwera mlendo wolemekezeka wochokera kubungwe, ndi amene adzabzale mtengo woyamba. Adzajambulanso zithunzi."

Anthu anawomba m'manja. Amayi ena mpaka nthungululu. Pafupi nane panali mnansi wanga, mayi wachisilamu amene tinakulira limodzi ndipo madimba athu anagundana malire. Ndimamukonda, ngakhale kuti mzere wake wa m'malire umakhala ngati ukusendera kwanga chaka ndi chaka. Anandigunda ndi chigongono.

"Anzanga, mwatchuka. Mawa tikuonani m'foni."

"Mwamva kuti abzala ndani?"

Kumwetulira kwake kunazilala. "Wallahi," anatero motsitsa mawu, "sindinaganizeko."

Madzulo ake ndinapeza mwana wanga akusita yunifolomu. Amagwira ntchito yochapa nsalu zofunda pa hotela ina ku Makokola, ndipo kuyambira pamene anayamba ntchitoyo amayankha ngati munthu wofulumira.

"Iwe, bambo a anawa akufuna chiyani padimba panga?"

"Akufuna dimba lisapite m'madzi, amayi. China n'chiyani?"

"Anakufunsa?"

"Anandiuza."

"Kuuza ndi kufunsa si chinthu chimodzi."

Anaika simbi pansi mwamphamvu, makala n'kuthetheka. "Amayi, inu ngakhale nkhuku ikakuyang'anitsitsani mumati yatumidwa."

"Zina zimatumidwadi."

"Munthu wafesa mbande ndi manja ake, sanakupempheni kanthu. Mukufuna achitenso chiyani?"

"Ndikufuna asagwire mtengo padimba. Iye, ngakhale mlendo wakeyo. Ukamuuze."

"Sindikamuuza zimenezo. Mukamuuze nokha, ngati mulibe manyazi."

Ankadziwa kuti sindingathe. Mpongozi sulankhula naye nkhani yolemera maso ndi maso. Umatuma. Ndiye ndinapita kwa mchimwene wanga, amene ndiye mwinimbumba, woyenera kuimira nthaka ya alongo ake. Amagulitsa usipa wouma ku Chiponde, ndipo ndinamupeza akumangirira matumba panjinga yamoto.

"Achemwali," anatero, chingwe chili kukamwa, "dziko linasintha. Za mkamwini sabzala n'zakale izo."

"Zakale? Nanga amayi aang'ono malo awo ali kuti?"

"Aja anapusa okha."

"Ndiye ine sindifuna kupusa ndekha. Mubwere tsikulo, mudzaime monga malume wa ana."

"Ndibwera, ndibwera. Kodi matisheti aja atsalako? Mukandifunsire wamkulu, mimbayi yakula."

Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti ndili ndekha.

Masiku otsatirawo chakudya sichinkatsika. Ndinkati ndikakane mitengo yonse, koma ndikatsikira kudimba n'kuona mng'alu watsopano m'mphepete, maganizowo ankatha. Popanda mizu yogwira gombe, madzi adzalitenga dimba. Ndi mizu ya eni, anthu adzalitenga. Madzi angatenge mwina theka, munthu amatenga lonse. Komanso madzi sungawasumire kubwalo. Ndinkangozungulira m'maganizo momwemo ngati mbuzi yapachingwe.

Dzulo lake la tsikulo mkamwini anakumba mayenje m'mphepete monse, kuchokera kumalire a mnansi wanga mpaka kunjira. Ndinakhala pansi pa mgwalangwa ndikusenda nandolo, diso lili pa iye. Dzenje si mtengo. Limenelo ndinalilola.

Kutacha ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi n'kutsetsereka anthu asanasonkhane. Dzenje loyamba linali lalikulu kuposa ena, atalizunguliza ndi miyala yopaka laimu. Ndinadziwa kuti ndi la mlendo. Ndinakhala pansi pamphepete pake, miyendo n'kuilowetsa m'dzenjemo.

Anthu anayamba kufika. Ana asukulu anandanda ndi nyimbo yawo ya mitengo, amayi a komiti atanyamula mbande m'mabeseni pamutu. Ankandiyang'ana n'kuyang'anana. Mchimwene wanga anafikadi, atavala tisheti yobiriwira yomuthina pamimba, ndipo atandiona anakhotera kumbuyo kwa gulu, n'kuyamba kufufuza kanthu m'foni. Galimoto inachedwa, monga zichitira galimoto za alendo. Dzuwa linakwera, miyendo inachita dzanzi. Sindinasunthe.

Mlendo uja anali mnyamata ndithu, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, wa nkhope yabwino. Panali zolankhula, panali pemphero lachikhristu ndi dua yachisilamu kuti pasakhale wodandaula. Kenako mkamwini anatenga mbande ya mbawa yonenepa kuposa zonse, naipereka kwa mlendo ndi manja awiri, gulu lonse n'kutembenukira kudzenje. Ndi pamene anandiona bwinobwino. Mkamwini ananong'oneza mkazi wake. Mwana wanga anabwera mothamanga n'kugwada pambali panga.

"Amayi, dzukani. Chonde. Mukutichititsa manyazi pamaso pa alendo."

"Manyazi amatha, mwanawe."

Mlendo anayandikira, mbande ili m'manja, nawerama mwaulemu. "Agogo, mwatopa? Akupezereni mpando."

"Mpando ndili nawo, bambo. Ndi uno ndakhalirawu. Ndifunse nawo. Mukabzala mtengowu, mudzabweranso?"

Anasangalala ndi funsolo. Anatembenukira kugulu kuti onse amve. "Kwambiri, agogo! Ife sitibzala n'kuthawa ayi. Tizibwera pafupipafupi kudzaona mitengo yathu."

Mitengo yathu. Mwina ankatanthauza ife tonse, iye ndi ine ndi ana aja. Mwina. Koma amayi akuluakulu amene anaima chakumbuyo anamva chimene ndinamva ine, ndipo panadutsa kaphokoso kapansipansi, kaja kamamveka pamaliro munthu akalankhula molakwa.

"Ndiye pepani, bambo," ndinatero. "Padimba pano mwamuna sabzala. Mlendo kaya mkamwini. Pano pabzala mwana wanga ndi ana ake."

Mlendo anayang'ana mkamwini. Mkamwini anabwera n'kuima patsogolo panga penipeni, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire. Aka kanali koyamba kuona maso ake bwinobwino. Anali ofiira, kaya ndi dzuwa kaya ndi china.

"Apongozi," anatero, "mbande izi ndafesa ndine. Ndathirira ndine."

"Ndikudziwa, apongozi. N'chifukwa chake."

"Mukuganiza kuti ndikufuna kukulandani dimba?"

"Sindinatero. Koma mtengo sudziwa zimene munthu ankaganiza pobzala. Umangodziwa dzanja. Inu mwina mulibe mtima umenewo. Nanga tsiku limene Mulungu adzakuitaneni, abale anu akadzabwera ndi lole kudzatenga mipando ndi malata, n'kufunsa kuti mitengo iyi anabzala ndani, ana anga adzayankha chiyani?"

Mwana wanga anaphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndinkadikira kuti wina anene kuti gogoyu wapenga, amunyamule. Amene analankhula anali mnansi wanga uja.

"Akunena zoona anzangawa. Mkamwini sabzala. Tonse tikudziwa, tinangoiwala chifukwa cha matisheti."

Ena anaseka, ena anang'ung'udza. Bambo wina wa komiti anati nthawi ikutha, madimba ndi ambiri. Mlendo anakanda kumutu, naseka kuseka kwa munthu amene waponda pamene sankayembekezera.

"Chabwino, agogo. Malo ndi anu. Nanga ine pachithunzi ndigwire chiyani? Kuofesi akandifunsa."

"Gwirani keni. Wothirira sakhala mwini."

Ndinatulutsa miyendo m'dzenje, ana awiri n'kundidzutsa. Mlendo anapereka mbande kwa mwana wanga. Anailandira osandiyang'ana, anang'amba chubu ndi mano mwaukali, naiika m'dzenje. Ine ndinakwirira n'kutsindira dothi ndi chidendene. Ndiye ndinakweza mawu kwa mnansi wanga.

"Mwaona amene wabzala?"

"Taona!"

Tinatero dzenje ndi dzenje. Ena anabzala mwana wanga, ena adzukulu anga awiri aakazi, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Pa lililonse ndinkafunsa, amayi n'kuyankha, mpaka ana asukulu anasandutsa nyimbo, kumavinira kuti taona, taona. Mlendo ankatsata pambuyo ndi keni, nsapato zake zitadzaza matope, akujambulidwa. Mkamwini anaima kunjira manja ali kumbuyo. Gulu litasamukira kumadimba ena, kumene aliyense anabzala mmene anafunira, iye anatsogolera, ndipo sanacheukenso.

Mlungu womwewo anasamutsa nazale kupita kusukulu. Kuseri kwa khitchini kunatsala timabwalo tozungulira pamene panali machubu. M'mawa ankandilonjerabe, koma ataima, ndiponso patali kuposa kale. Padimba sanapondenso. Mwana wanga anakhala nthawi osalowa m'nyumba mwanga. Ndiwo ankatumiza ndi mwana, mbale n'kubwerera ndi mwana.

Mitengo inagwira. Nyanja itakweranso kumapeto kwa dzinja, ingapo ya kumunsi inamira, koma yambiri inatsala, ndipo katope anayamba kutulutsa masamba atsopano. Ndinayamba kupuma pang'ono. Ndinali nditaiwala mbuzi.

Anthu akakolola amamasula mbuzi, ndipo njira yawo yokamwera madzi imadutsa m'mphepete mwa dimba langa, kunja kwa mpanda wa ndiwo zamasamba. Kumadimba ena a komiti anazunguliza mtengo uliwonse ndi nthambi zaminga. Mkamwini ndiye ankatsogolera amuna kukadula mitengo ya minga kuphiri, n'kumakoka ndi zingwe. Akafika pamalire anga ankadumpha, n'kukayambira kwa wotsatira. Palibe amene ananena kanthu. Inenso sindinafunse.

Ndinayesa kutchinga ndi bango louma. Mbuzi zinkangolikankha ndi mutu ngati chitseko cha kwawo. Ndinayesa kupaka ndowe pamasamba, zinadikira kuti ziume n'kudya. Ndiye ndinasanduka mlonda. Kuyambira m'mawa mpaka mbuzi zitalowa m'khola ndinkakhala pansi pa mgwalangwa ndi mulu wa miyala. Kutchalitchi ndinkakhala kufupi ndi khomo, kutuluka anthu asanadalitsidwe. Maliro a msuweni wanga ndinapita n'kubwerera tsiku lomwelo, anthu n'kumandinena, ndipo pofika ndinapeza msangu wina watsala kamtengo kopanda tsamba. Adzukulu ali kusukulu, mayi wawo ali kuntchito. Mchimwene wanga nditamutumira uthenga anayankha kuti msana ukumuvuta, koma ankadutsa pamsewu ndi matumba a usipa ataunjikana kuposa mutu wake.

Kutentha kwa mwezi wa khumi kutafika, ndinayamba kuona zinthu ziwiriziwiri. Tsiku lina ndinaodzera pang'ono chabe. Podzidzimuka ndinapeza tonde wa eni ataimirira ndi miyendo iwiri pa mbawa ija ya dzenje loyamba, akumaliza nsonga. Ndinaponya mwala, unagwera pafupi ndi mapazi anga omwe. Mitengo yamoyo inali itachepa moti munthu akanaiwerenga ali chikhalire. Ndipo m'mphepete, kutsogolo kwake, munali mng'alu wautali umene unkadikira mpoto.

Madzulo amenewo ndinapita kunyumba kwa mwana wanga. Mkamwini anali pakhonde akuchonga makope a ana. Ndinakhala pansi kuseri kwa ngodya, pamene sitikanaonana nkhope, monga ziyenera kukhalira. Mwana wanga anatuluka, naima pakhomo pakati pathu, manja ali m'chiuno.

"Uwauze apongozi," ndinatero, "kuti mbuzi zikutha mitengo."

"Akumva okha, amayi. Khoma ili si la simenti."

Ndinamva kope likutsekedwa.

"Uwafunse amayi," anatero mkamwini, "kuti kodi mkamwini akamanga mpanda, malo sakhala ake? Ndisadzapezeke ndalakwanso pamaso pa anthu."

"Uwauze kuti mpanda umawola. Chiswe chimadya. Palibe anawinapo mlandu ndi mpanda."

"Nanga kudula minga? Kukoka? Kulasidwa m'manja? Zimenezo mkamwini amaloledwa?"

"Zimenezo ndiye ntchito yake."

Mwana wanga anaphulika kuseka, kuseka kwa mkwiyo, mpaka anakhala pansi pakhomo. "Inu anthu awiri mudzandipha," anatero. Mkamwini anatsegulanso kope lake. Sanavomere, sanakane. Ndinabwerera osadziwa ngati ndapempha kapena ndangodzichotsa ulemu.

Loweruka lotsatira ndinamva kukwekwereza panjira. Anali iye, yekha, akukoka mtolo wa minga ndi chingwe paphewa. Sanandilonjere kawiri. Anagwira ntchito Loweruka limenelo ndi ena otsatira, kukhoma zikhomo, kuluka minga kuzungulira mtengo uliwonse wotsala, ngakhale timitengo tija tinadyedwa mpaka kutsala ndodo, ati mwina tiphukira. Manja ake anali mikwingwirima yokhayokha. Ine ndinkakhala pansi pa mgwalangwa. Mbuzi zinali zitasiya kundivuta, koma ndinkakhalabe, kuyang'ana manja akewo, kuti m'thumba asatulutse kanthu kena n'kukwirira. Anatulutsa mango basi. Inali nyengo yake, ndipo masana ankakhala pa chitsa n'kudya awiri atatu, msana atandilozetsa.

Mvula yoyamba inagwa, yachiwiri inagwa. Timitengo tina tinaphukiradi. Mng'alu uja unagumuka mbali imodzi, koma unalekezera patsogolo pa akatope, kaya chifukwa cha mizu yawo yaing'onoyo kaya mwamwayi, sindidziwa. M'mawa wina ndikuyendera mipanda ndinaona kanthu kofiirira pafupi ndi chitsa chija. Timasamba tanthete, tolendewera, tonyezimira ngati tapakidwa mafuta. Ndinafukula pang'ono ndi chala. Kunsi kunali chikhokho cha mango, chitang'ambika pakati, muzu utalowa kale pansi.

Ndinakhala pa chitsapo nthawi yaitali. Sanakumbe, ndinali pomwepo. Anangotaya, ngati mmene munthu aliyense amatayira akatha kudya. Koma mango ndi mtengo waukulu, umakhala zaka kuposa munthu, ndipo mudzi wonse unamuona akudyera pamenepo. Kubwalo sadzafunsa ngati anakumba kapena anataya. Ndinaugwira kuti ndiuzule. Unali pamalo pamene gombe likufunikira mizu kwambiri, ndipo unali wathanzi kuposa mbande zonse za komiti. Dzanja linakana.

Ndinadikira Lamulungu, tsiku limene mwana wanga sapita kuntchito. Titatuluka m'tchalitchi ndinamuuza atenge khasu. Ndinaitananso mnansi wanga.

"Kumba apa," ndinatero. "Uzule ndi dothi lake, usadule muzu."

"Ndikaike kuti?"

"Pomwepo."

Anandiyang'ana, nayang'ana kamtengoko, nayang'ana chitsa, ndipo ndinaona kuti wazindikira. Ndinkati akana. Anapukusa mutu, anakwinya chitenje chake chabwino m'mawondo, nakumba mozungulira mosamala. Anakanyamula m'manja awiri, dothi likuyoyoka m'zala, kenako anakabwezera m'dzenje lomwelo. Ndinatsindira ndi chidendene.

"Mwaona amene wabzala?"

"Ndaona," anatero mnansi wanga, "ngakhale mawa mundidzutse."

"Bambo a ana asamve zimenezi," anatero mwana wanga akupukuta manja m'udzu. "Amayi, mwamva? Asamve."

Kamtengoko kanafota masiku angapo, masamba atagwa ngati makutu a galu wodwala. Ndinkakathirira ndekha m'mawa, anthu asanayambe kudutsa. Tsamba limodzi linauma n'kuthothoka. Enawo adakali pomwepo, sanadzuke, sanagwe, ndipo ndikulankhula pano sindikudziwa ngati muzu unapulumuka khasu lija.